Nkhalango Ikagwa Kumtunda, Nyanja Imadwala

Munthu wopalasa bwato pa imodzi mwa nyanja zing'onozing'ono za m'nkhalango za chigawo cha Quebec, m'dziko la Canada, angathe kulumbira kuti macheka sanafikeko kumeneko. Mitengo ya spruce yaima mothithikana m'mbali monse, nthambi zake zitawerama pamadzi. Koma akakocheza bwato n'kulowa m'mitengomo sapita patali. Akaponya mapazi makumi atatu amatulukira pambalambanda, pomwe pali zitsa zokhazokha, milu ya nthambi zouma ndi njira zakuya zomwe matayala a makina anakumba, zina zitadzaza madzi akuda. Lamulo la kumeneko limalamula odula mitengo kusiya mzere wa mitengo wa mamita 20 m'mphepete mwa nyanja ndi mitsinje, ndipo mayiko ena akumpoto ali ndi malamulo kapena malangizo ofanana nalo. Mzere umenewu uli ndi ntchito yake ndipo sindikuupeputsa. Koma umboni womwe akatswiri asonkhanitsa kwa zaka zoposa 50 ukuloza kumodzi: nyanja imamwa chilichonse chotsika kuchokera m'dera lonse lomwe madzi ake amatsetserekera mmenemo. Wofuna kudziwa ngati kudula mitengo kuwononge madzi ayenera kufunsa kukula kwa gawo lomwe lagwetsedwa m'dera lonselo, momwe nthaka yavulazidwira, ndi kuchuluka kwa madzi a nyanja yomwe ilandire zotsikazo. Lamulo loyeza m'mphepete mokha likuyeza chinthu chaching'ono n'kusiya chachikulu.

Nkhalango zimenezi zatambalala kuyambira ku Alaska, kudutsa Canada, Norway, Sweden ndi Finland mpaka ku Siberia, ndipo ndi zoposa kota ya nkhalango zonse za padziko lapansi. M'kati mwake muli nyanja zosawerengeka. Finland yokha ili nazo pafupifupi 188,000, Sweden pafupifupi 100,000, ndipo palibe dziko lofikapo pa Canada. Zambiri zili m'maenje omwe madzi oundana anasiya m'thanthwe atasungunuka zaka pafupifupi 10,000 zapitazo. Nthaka ya pamwamba pa thanthwelo ndi yopyapyala, thanthwe lenilenilo silisungunuka msanga, choncho madzi a nyanjazi ndi osauka pa chakudya cha zomera. Ndere zilimo ndithu, ndipo moyo wonse wa m'nyanja umayambira pa izo. Zina zimayandama m'madzi, zina zimamera pamiyala ndi pamatope pomwe dzuwa likufika pansi. Tizilombo ting'onoting'ono timadya nderezo, tinsomba timadya tizilomboto, nsomba zazikulu zimadya tinsombato. Koma poti chakudya n'choperewera, ndere zimakhala zochepa ndipo madzi amaoneka mbee. Nyanja yozolowera kuchepekedwa choncho imasintha msanga ikalandira ngakhale kachakudya kochepa kowonjezera, kapena ikachotseredwa kuwala pang'ono.

Nkhalango yoimirira imagwira ntchito ziwiri zomwe maso saona. Imakoka madzi ambiri m'nthaka n'kuwatulutsira m'mlengalenga kudzera m'masamba, ndipo mizu yake imatola nayitirojeni ndi fosifolasi zisanakokoloke. Mitengo ikagwa, ntchito ziwirizi zimaima tsiku lomwelo. Madzi a m'nthaka amakwera kufika pafupi ndi pamwamba, pomwe pali masamba owola ndi manyowa, n'kumayenda cham'mbali kulowera kumakwawa atanyamula zomwe asungunula. Nthambi ndi makungwa osiyidwa zimaola n'kuthira zakezo. Anthu anaona zimenezi poyera ku Hubbard Brook, m'mapiri a New Hampshire ku America, komwe Gene Likens, Herbert Bormann ndi anzawo anagwetsa mitengo yonse ya m'kachigwa kamodzi m'nyengo yozizira ya 1965 kulowa 1966, n'kumapopera mankhwala kwa zaka zitatu kuti pasamere kanthu. Chaka choyamba madzi otuluka m'kachigwako anachuluka ndi pafupifupi 40 peresenti, nayitirojeni wa m'mfuleni anachuluka kuwirikiza koposa 40 mpaka kudutsa mlingo wololedwa m'madzi akumwa, ndipo mfuleni womwe kale unali woyera unayamba kumera ndere zothithikana chilimwe chilichonse. Kuyesa kumeneku kunali kwankhanza kuposa momwe makampani amadulira, komanso nkhalango yake ndi ya mitengo ya masamba aakulu, yosiyana ndi za kumpoto kwenikweni. Phindu lake n'lakuti kunaonetsa njira yomwe chakudya chimadzera pothawa m'nthaka yopanda mizu yamoyo.

Chomwe chakudyacho chimakachita m'nyanja chinaonekera ku Experimental Lakes Area, kumpoto chakumadzulo kwa Ontario, komwe boma la Canada linapatula nyanja zingapo mu 1968 kuti zikhale zoyeserapo. Mu 1973 David Schindler ndi anzake anadula pakati nyanja yotchedwa Lake 226 ndi chinsalu cha pulasitiki. Mbali zonse ziwiri anathiramo kaboni ndi nayitirojeni, koma mbali imodzi yokha anawonjezeramo fosifolasi. Patapita masabata, mbali ya fosifolasiyo inasanduka yobiriwira ndi ndere pomwe inzake inakhalabe yoyera, ndipo chithunzi chojambulidwa pandege chinathandiza kuti maboma achepetse fosifolasi m'sopo wochapira ndi m'madzi a zonyansa za m'mizinda. Kuyambira pamenepo zadziwika kuti m'nyanja zambiri za kumpoto, fosifolasi ndiye amalamula kuchuluka kwa ndere. Ndipo fosifolasi ndi chimodzi mwa zinthu zomwe nkhalango yodulidwa imataya, makamaka pomwe makina agalauza nthaka kapena pomwe nthaka yanyowa kwambiri mpaka kusowa mpweya.

Kafukufuku yemwe ndimamuona kuti ndi wolemera kwambiri pankhaniyi anachitika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 m'dera lozungulira damu la Gouin ku Quebec, motsogozedwa ndi Richard Carignan wa ku yunivesite ya Montreal. Iye ndi anzake anatsata nyanja zoposa 30 kwa zaka zitatu. Zina zinali m'madera odulidwa kumene, zina m'madera omwe anapsa ndi moto waukulu wa 1995, zina m'nkhalango zosakhudzidwa. M'nyanja za m'madera odulidwa anapeza fosifolasi wochulukirapo, ndipo madzi ake anali atada ndi zinthu zosungunuka kuchokera m'masamba ndi m'nthaka yowola, ngati tiyi wopanda mkaka. Kuda kumeneku akatswiri amakuyeza ndi chida chosavuta: kambale koyera komangidwa kuchingwe chokhala ndi zizindikiro, komwe munthu amakatsitsa pang'onopang'ono m'mbali mwa bwato mpaka katazimirira, n'kuwerenga chingwe chomwe chalowa m'madzi. M'nyanja za m'madera odulidwa kambaleko kankazimirira msanga. Chinthu chachikulu chomwe ofufuzawo anapeza n'chakuti kukula kwa kusinthaku kunkatsata kukula kwa malo odulidwa poyerekeza ndi kukula kwa nyanja. Nyanja yaing'ono yolandira madzi a dera lalikulu lodulidwa inkasintha kwambiri, nyanja yaikulu ya dera laling'ono inkasintha pang'ono. Nyanja za m'madera odulidwa zinali ndi mzere wake wa mitengo m'mphepete monga lamulo linenera, koma madzi oyenda m'nthaka ndi m'timifuleni anadutsa mzerewo.

Apa m'pamene nkhani ya ndere imapusitsa anthu ambiri. Dolors Planas ndi anzake, omwe ankayeza ndere m'nyanja zomwezo, anapeza kuti m'nyanja za m'madera odulidwa ndere zinachuluka pang'ono chabe, mosafanana ndi fosifolasi yemwe analowamo, pomwe m'nyanja za m'madera opsa zinachuluka kwambiri. Wina angawerenge zimenezi n'kunena kuti basi, kudula kulibe vuto. Koma chomwe chinagwira nderezo kuti zisachuluke ndi mdima. Madzi akada, dzuwa limathera pamwamba, ndipo ndere zoyamba kuvutika ndi zomera pansi, pamiyala ndi pamatope. Mu 2009 Jan Karlsson wa ku yunivesite ya Umeå ndi anzake anasonyeza kuti m'nyanja zosauka za ku Sweden, kuchuluka kwa nsomba kumatsata kuwala kofika pansi kuposa chakudya cha zomera, chifukwa nsomba zambiri zimadalira tizilombo todya ndere za pansizo. Pali chinanso. Madzi akuda amatentha msanga pamwamba, ndipo madzi ofundawo amakhala pamwamba pa ozizira osasakanikirana nawo chilimwe chonse. Pansipo mabakiteriya amakhala kalikiliki kuwoletsa zinthu zochokera kumtunda zija, n'kumamaliza okosijeni yemwe nsomba za m'madzi ozizira zimapuma. Okosijeni akatheratu, matope a pansi amayamba kulavula fosifolasi yemwe anasunga kwa zaka. M'nyanja zakuda za ku Sweden ndi Finland mwafalanso ndere yotchedwa Gonyostomum semen, yomwe imatha kusambira kukwera kukapeza dzuwa masana n'kutsikira pansi usiku kukatenga chakudya. Ikachuluka imasiya zoterera pakhungu la osambira, ena imawayabwa, ndipo imatseka masefa a madzi. Choncho nyanja yosabiriwira ingathe kukhala yodwala ndithu, kungoti nthenda yake yabisala m'kuda kwa madzi.

Kumadzulo, m'zigwa za Alberta, nthaka ndi yakuya komanso yolemera fosifolasi, ndipo nyanja zambiri n'zosaya. Kumeneko nthendayo imaonekera poyera. Ellie Prepas ndi anzake anatsata nyanja zingapo mitengo isanadulidwe ndi itadulidwa, ndipo dala anasiya mizere ya mitengo yosiyana kukula, ina ya mamita 20, ina 100, ina 200. Mitengo itadulidwa fosifolasi anakwera, ndipo m'nyanja zosaya munachuluka cyanobacteria, tizamoyo tooneka ngati ndere tomwe timayala utoto wobiriwira pamadzi. Tina mwa ito timatulutsa poizoni wotchedwa microcystin, woononga chiwindi, yemwe amapha agalu ndi ng'ombe zikamwa madziwo. Kukula kwa mzere wa mitengo sikunasinthe zotsatira. Ofufuzawo anavomereza okha kuti mvula ya zaka zimenezo inathandizira kukokolola chakudyacho, ndipo n'zoona kuti kulekanitsa dzanja la nyengo ndi la macheka n'kovuta. Koma mvula yambiri sidzaleka kubwera, ndipo nkhalango yoimirira ndiyo imaigwira ikabwera.

Chondidetsa nkhawa kuposa zonse ndi mekyule. Chitsulo chapoizonichi chakhala chikugwa kuchokera mumlengalenga kwa zaka zoposa 100, chochokera ku utsi wa malasha ndi ku migodi ya kutali, ndipo nthaka ya m'nkhalango yachisunga. Pamene chili chomangika m'nthaka youma sichivuta kwenikweni. Koma nthaka ikadzaza madzi n'kusowa mpweya, monga zimakhalira m'njira za matayala zija ndi m'zithaphwi zotsala mitengo ikagwa, mabakiteriya ena amachisandutsa methylmercury, yemwe amalowa m'thupi la chamoyo osatulukanso msanga. Amakwera kuchoka m'ndere kupita m'tizilombo, m'tinsomba, mpaka kuunjikana m'nsomba zodya zinzake monga pike ndi walleye, ndipo munthu akadya, woyamba kuvulala ndi ubongo wa mwana ali m'mimba. M'nyanja za ku Gouin zija, Edenise Garcia ndi Carignan anapeza mekyule wochuluka m'tizilombo ndi m'nsomba za pike za m'madera odulidwa kuposa za m'nkhalango zosakhudzidwa. Ku Sweden, komwe boma limalangiza amayi oyembekezera kuti asadye nsomba monga pike ndi perch koposa kawiri kapena katatu pachaka, Kevin Bishop ndi anzake anayerekeza mu 2009 kuti pakati pa gawo limodzi mwa magawo 10 ndi gawo limodzi mwa magawo 4 a mekyule wa m'nsomba za m'nyanja za m'nkhalango amafika m'madzi chifukwa cha ntchito ya mitengo. Si malo onse odulidwa omwe amatulutsa mekyule wotere, ndipo kusiyanako kumachokera kwambiri pa momwe nthaka yanyowera ndi momwe makina aipondera. Amene amasenza katunduyu ndi anthu odalira nsomba, monga a mtundu wa Atikamekw okhala m'mphepete mwa damu la Gouin. Anthu a ku Grassy Narrows ku Ontario, omwe mtsinje wawo unathiridwa matani pafupifupi 9 a mekyule kuchokera ku fakitale ya mumzinda wa Dryden m'zaka za m'ma 1960, anatseka msewu wa magalimoto onyamula mitengo mu 2002, ndipo chimodzi mwa zifukwa zomwe akhala akupereka pokana kudula n'chakuti nsomba zawo sizingalandirenso mekyule wina. Umboni uli kumbali yawo.

Oikira kumbuyo makampani a mitengo ali ndi mayankho, ndipo ena ndi olimba. Amati nkhalango za kumpoto zinazolowera kugwa zonse nthawi imodzi, chifukwa moto umazipsereza kuyambira kalekale, ndipo nyanja zinapirira. Ku Canada moto umatentha mahekitala oposa 2 miliyoni pachaka tikatengera zaka zambiri, ndipo mu 2023 unatentha pafupifupi 15 miliyoni, pomwe macheka amagwetsa osafika 1 miliyoni. Izi n'zoona, ndipo kafukufuku wa ku Quebec anasonyezadi kuti moto nawo umathira fosifolasi wambiri m'nyanja. Koma moto ndi macheka sizisiya nthaka mofanana. Moto sulambula misewu, sukumba ngalande, supondereza nthaka ndi makina olemera matani ambiri. Umasiya phulusa ndi mitengo yakufa pamalo pomwepo, pomwe galimoto imanyamula thunthu ndi khungwa lomwe, limodzi ndi kashiyamu yemwe mtengo unakoka m'nthaka kwa zaka 80. M'dera la Muskoka ku Ontario, komwe mvula ya asidi inatsuka kale kashiyamu wambiri m'nthaka yopyapyala ndipo mitengo yakhala ikudulidwa mobwereza, kashiyamu wa m'nyanja zambiri watsika kufika pafupi ndi mamiligalamu 1.5 pa lita. Pamlingo umenewo kachilombo kotchedwa Daphnia, komwe kamafuna kashiyamu pomanga chigoba chake, kamalephera kuswana bwino. Daphnia ndi mmodzi mwa odya ndere aakulu m'nyanjazi. Malo ake akutengedwa ndi Holopedium, kachilombo kokutidwa ndi zoterera komwe nsomba zambiri zimavutika kudya. Komanso kudula sikulowa m'malo mwa moto. Moto ukuyakabe, ndipo ukukula pamene dziko likutentha, choncho macheka akuwonjezera pa zomwe moto watenga kale.

Amanenanso kuti kusinthako n'kochepa ndipo kumatha patapita zaka zingapo mitengo ikaphukanso. Ali ndi umboni wabwino. Pafupi ndi Atikokan ku Ontario, Robert Steedman anatsata nyanja zakuya za nsomba za lake trout kwa zaka zingapo, mitengo yozungulira inadulidwa m'ma 1990, ina mpaka m'mphepete penipeni, ndipo madzi anasintha pang'ono kwambiri. Ndikuvomereza zotsatira zimenezi popanda kuzichepetsa. Koma nyanja zimenezo zinali zakuya, za madzi ambiri, zolandira madzi kuchokera m'madera aang'ono, ndiye kuti zikugwirizana ndi zomwe Carignan anapeza. Ngati nyanja yodulidwa mpaka m'mphepete inapulumuka chifukwa dera lake n'laling'ono, pomwe nyanja yokhala ndi mzere wa mamita 200 inadwala chifukwa ndi yosaya, ndiye kuti lamulo limodzi la mamita akutiakuti silingateteze zonse. Zakuti bala limapola patapita zaka zochepa n'zoona pa malo amodzi odulidwa kamodzi. Nyanja yolandira madzi a dera lalikulu imaona malo ena akudulidwa chaka chino, ena chaka chamawa, ena patapita zaka zisanu, ndipo sipeza mpata wopuma.

Finland ndiyo ikuonetsa kutalika kwa ngongole imeneyi. Pofuna kuti mitengo imere m'madambo, dzikolo linakumba ngalande n'kuumitsa mahekitala pafupifupi 5 miliyoni, kuposa theka la madambo ake onse, malo ofanana ndi pafupifupi theka la mtunda wa Malawi. Ntchitoyi inafika pachimake m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, boma likuthandiza ndi ndalama. Nthaka ya m'madambo amenewo, yotchedwa peat, ndi zomera zomwe zinaunjikana kwa zaka zikwizikwi osaola chifukwa cha madzi. Ikauma imayamba kuola, ndipo ngalande zimanyamula zowolazo molunjika kupita kumitsinje ndi kunyanja, osadzera m'mizu ya mtengo uliwonse wa m'mphepete. Kwa nthawi yaitali akatswiri ankawerengera kuti kuipitsa kumeneku kumatha patapita zaka 10 kapena 20. Mu 2017 Mika Nieminen ndi anzake anasonyeza kuti nayitirojeni ndi fosifolasi wotuluka m'madambo oumitsidwa kale kwambiri ndi wochuluka kuposa wotuluka m'madambo oumitsidwa posachedwa, kutanthauza kuti vutoli likukula ndi zaka. Zotsatira zake dziko la Finland linawerengeranso gawo la ntchito ya mitengo pa kuipitsa madzi ake, n'kupeza kuti n'lalikulu kuposa momwe linkaganizira. Amene anakumba ngalandezo sanali anthu oipa mtima. Ankatsata nzeru ya nthawi yawo, ndipo palibe ankayeza madzi kwa nthawi yokwanira kuti awachenjeze.

Pali yankho lina lomwe limafuna kusamala. Nyanja za kumpoto kwa Ulaya ndi America zakhala zikuda kuyambira m'ma 1980 ngakhale komwe macheka sanafike, ndipo mu 2007 Don Monteith ndi anzake anasonyeza kuti chifukwa chachikulu ndi kuchepa kwa mvula ya asidi, poti asidiyo ankamanga zowola m'nthaka. Mvula yochuluka ndi kutentha kwa nyengo zikuthandiziranso. Emma Kritzberg wa ku yunivesite ya Lund anawonjezera kuti kum'mwera kwa Sweden madzi akuda chifukwa cha kuchuluka kwa mitengo ya spruce yomwe inadzalidwa m'minda ndi m'mabusa akale. Wina angati ndiye mlandu si wa odula, popeza ngakhale kudzala kukudetsa madzi. Ine ndikuona kuti zimenezi zikukuza udindo wa eni ntchito ya mitengo. Kusankha mtundu wa mtengo wodzala, kukumba ngalande, kugalauza nthaka ndi kudula ndi ntchito za manja amodzimodzi, ndipo mwa zonse zomwe zikudetsa nyanja, izi ndi zomwe boma lingasinthe ndi lamulo chaka chomwe chino. N'zoonanso kuti munda wothira feteleza umaipitsa madzi kuposa nkhalango ya kukula komweko. Koma nyanja zambiri za kumpoto zilibe munda ndi umodzi womwe kumtunda kwake, ndipo chokhacho chomwe munthu amachita m'dera lake ndi kudula mitengo. Mtengo wa kuda kwa madzi umafika mpaka m'mizinda. Helsinki imamwa madzi a nyanja ya Päijänne odzera mumphanga ya makilomita 120, ndipo mizinda yambiri ya ku Sweden, Norway ndi Canada imadalira nyanja za m'nkhalango. Madzi akuda amafuna mankhwala ambiri powayeretsa, ndipo zowola zotsalamo zikakumana ndi kolorini zimapanga mankhwala ena omwe malamulo a madzi akumwa amaletsa kuti asapitirire mlingo. Ndalama zimenezo amalipira ndi womwa madzi, pomwe phindu la matabwa linapita kwina.

Sindikunena kuti macheka aikidwe pansi. Mizinda yambiri ing'onoing'ono ya ku Finland, Sweden ndi Canada imadya za mitengo, ndipo thabwa ndi pepala zidzafunikabe. Njira zochepetsera kuvulaza madzi n'zodziwika kale. Chilolezo chodula chiyenera kuyamba ndi mapu a dera lonse lothira madzi m'nyanja, n'kuika malire a gawo lomwe lingadulidwe m'zaka 10 zilizonse, malire othina kwa nyanja zazing'ono ndi zosaya, omasuka kwa zakuya. Makina olemera ayenera kulowa m'malo onyowa pokhapokha nthaka itauma gwa ndi chisanu, ngakhale kuti nyengo yozizira ikufupika ndipo makampani akukakamizika kugwira ntchito m'matope. Mizere ya mitengo imathandiza kwambiri m'mbali mwa timifuleni ting'onoting'ono ndi m'malo a chinyontho momwe madzi amatulukira, malo omwe nthawi zambiri sapezeka n'komwe pamapu. Kafukufuku wa ku Nurmes, kum'mawa kwa Finland, anaonetsa m'ma 1980 kuti mfuleni wodulidwa mpaka m'mbali ndi kukumbiridwa ngalande unanyamula fosifolasi wochuluka kangapo, pomwe wosiyiridwa mitengo m'mbali unasintha pang'ono. M'madambo oumitsidwa, kudula mitengo ikuluikulu yokha n'kusiya ina itaima kumachititsa kuti mitengo yotsalayo izimwabe madzi, ndipo sipakhalanso chifukwa chofukula ngalande zakale. Finland inaloleza njira imeneyi m'lamulo lake la nkhalango mu 2014, ngakhale kugwetsa mitengo yonse nthawi imodzi kudakali kofala kwambiri.

Nzeru imeneyi inafikanso kwathu kudzera mwa anthu omwewo. Robert Hecky, katswiri wa ku Canada wochokera ku bungwe lomwe linkayang'anira nyanja zoyeserapo za ku Ontario, anagwira ntchito ndi Harvey Bootsma ndi anzawo pa Nyanja ya Malawi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo anapeza kuti mitsinje yochokera m'madera omwe mitengo inatha, monga Linthipe, imathira matope ndi chakudya cha ndere chochuluka kwambiri kuposa yochokera m'madera a nkhalango. Nyengo ndi yosiyana, nthaka ndi yosiyana, ndipo kuno chogwetsa mitengo ndi khasu ndi makala, koma kawerengedwe kake ndi komweko.

Zonse zomwe tikudziwazi zinadziwika chifukwa anthu ena anapirira kuyeza madzi a nyanja zomwezo chaka ndi chaka, mitengo isanagwe ndi itagwa. Ntchito yotere ndi yotopetsa ndipo ndalama zake ndi zoyamba kudulidwa boma likapanikizika. Mu 2012 boma la Canada linalengeza kuti lisiya kuyendetsa Experimental Lakes Area, ndipo malowo anapulumuka chifukwa akatswiri ndi anthu wamba anachita phokoso mpaka bungwe la International Institute for Sustainable Development linawatenga mu 2014. Mtengo wa spruce umatenga zaka 60 mpaka 100 kuti ufike podulidwanso, choncho kafukufuku wa zaka zitatu amangoona chiyambi cha nkhani. Kampani yopatsidwa chilolezo chodula m'dera la nyanja iyenera kulipira kuyeza madzi a nyanjayo isanayambe ntchito ndi kwa zaka zambiri itamaliza, zotsatira zake zikhale poyera kuti asodzi ndi omwa madzi azizione, ndipo nyanja ikayamba kuda kapena kubiriwira, kudula m'dera limenelo kuime kufikira madzi atabwerera mwakale.